Zikomo nonse amene munagwira nafe ntchito ya nthano za pa foni

Makolo, agogo athu, abale ndi alongo a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku mu mzinda wa Harare, teremu yatha ndipo ana amene timakumana nawo Loweruka lililonse atseka ndi nthano zawo zojambulidwa mawu. Ife owaphunzitsa tikuti zikomo kwambiri. Tikuthokoza akuluakulu a mpingo amene anatipatsa chipinda, achinyamata amene ankabwereka mafoni awo m'mawa wonse, ndi amayi amene ankatchajiratu mabatire usiku poopa kuti magetsi azima.

Ambiri mwafunsa kuti foni ikuthandiza bwanji pa kuwerenga. Foni imabwera pomalizira. Timayamba ndi nkhani yaifupi, ya mawu osaposa 200, kaya ya m'buku kaya yotsitsa pa webusaiti ya African Storybook, pomwe pali nkhani za Chichewa zaulere. Mphunzitsi amawerenga mokweza kamodzi, ana n'kuwerenga okha kachiwiri. Kenako buku limatsekedwa. Mwana aliyense amapinda pepala kuti likhale ndi zigawo zisanu ndi chimodzi, n'kujambulamo zimene zinachitika motsatana. Akatha kufotokozera mnzake akuloza zithunzizo, m'pamene gulu la ana anayi limapatsidwa foni imodzi, ndipo aliyense amajambula mawu kwa mphindi ziwiri basi.

Phindu lenileni lili pa kumvetsera. Mwana akadzimva yekha, timamutsegulira buku kuti apeze chimene wasiya. Mumamuona akutsata mzere ndi chala, kenako n'kukweza mutu kuti, "Aa, ndaiwala kuti Kalulu anali atadzola phula!" Kuwerenga kwachitatu kumeneku amachita ndi cholinga, popanda womukakamiza.

Zovuta zilipo. Ana ena amaloweza ziganizo za m'buku n'kumazilakatula, munthu n'kuganiza kuti amva. Mankhwala ake ndi kusintha wofotokoza: nkhani yomweyo ainene Fisi, kapena itherenso mwina. Woloweza amakakamira pomwepo, pamene womvetsa amadziwa zimene Fisi anaona ndi zimene sanaone. Ena amangoti "kenako, kenako" mpaka kumapeto, zochitika zonse zilipo koma zosalumikizana. Amenewa timawaimitsa kawiri kokha ndi funso lakuti "chifukwa chiyani?", osapitirira apo, kuopera kuti angataye mtima. Foni ikaperekedwa msanga, ana amalimbirana kudina ndipo nkhani imaiwalika. Foniyo izikhala pa airplane mode (yotseka netiweki) kuti mauthenga asadule kujambula, italikirane ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho, ndipo magulu akhale m'makona osiyana, apo ayi mawu amalowana. Nkhope za ana sitijambula. Timajambula mapepala awo okha, ndipo mawu timatumiza pa WhatsApp kwa kholo lomwe linavomereza.

Agogo tikuwathokoza mwapadera. Ana athu kuno amakulira m'Chishona ndi Chingerezi, ngakhale kuti malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Choncho mwana amayamba ndi "Paivapo", anzake n'kuvomera "Dzepfunde", Kalulu n'kukhala tsuro, mkango shumba. Sitimudula, chifukwa kumvetsa nkhani kwaoneka kale. Agogo ndi amene amadikira amalize, n'kuyambitsa kuti "Padangokhala", ana onse "Tili tonse!", ndipo pojambula kachiwiri mayina a Chichewa amalowa okha. Ntchito imeneyi ife sitikanaitha momwe iwo aichitira.

Pa tchuthi chino, mukalandira mawu a mwana wanu musangoyamikira. Mverani naye limodzi, mumufunse amene anayambitsa vuto m'nkhaniyo ndi mzere umene ukusonyeza zimenezo. Amene muli ndi mafoni akale omwe maikolofoni ake akugwirabe, ngakhale galasi lili losweka, tibweretsereni sukulu zikatsegulidwa.