Lachitatu, 16 October 2024: Ndinawasiya Agogo Nkhani Ili M'kamwa

Magetsi anabwera nthawi itangopitirira 2 koloko usiku, ndipo chinandidzutsa ndi kulira kwa firiji. Ndinadzuka msangamsanga n'kulumikiza laputopu, foni ndi kachipangizo kanga kojambulira mawu, chifukwa masiku ano kuno ku Lusaka magetsi akakhala maola atatu timati tachita mwayi. Chilala cha chaka chino, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko pa 29 February, chaphwetsa madzi ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, ndipo anzanga a kuno akangoti "malaiti yabwela" aliyense amadziwa kuti tulo tatha. Ndinalemba mpaka 5 koloko, ndipo mutu wachinayi wa kafukufuku wanga unawonjezekera ndime zitatu zokha, koma ndime zitatuzo ndi zoyamba kulemba chiyambireni mwezi uno.

Ndinachoka ku Zomba mu 2019 kudzaphunzitsa pa yunivesite ina mumzinda uno, ndipo mu 2021 ndinalembetsa maphunziro a PhD pa yunivesite ina ya ku South Africa monga wophunzira amene akugwiranso ntchito. Anandipatsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chino ndi chachinayi. Anthu kumudzi amaganiza kuti munthu wogwira ntchito pa yunivesite amaphunzira mosavuta popeza mabuku ali pafupi, koma zoona zake n'zakuti ntchito imene imandilipirira fizi ndi yomweyonso imene imadya nthawi yophunzirira. Malipiro ndimalandira m'makwacha a Zambia, fizi ndimapereka m'marandi, ndipo ndalama yotumiza kwa mayi a ana imasanduka makwacha a Malawi, omwe chigwetsereni mphamvu yake ndi 44 peresenti mu November 2023 amaoneka ambiri pa foni koma pamsika sagula zomwe ankagula. Chiphaso changa chogwirira ntchito m'dziko muno chimadalira kontilakiti, ndipo pokonzanso kontilakitiyo mabwana amafunsa pamene digiri yafika. Choncho sindingasiye ntchito kuti ndiphunzire, komanso sindingasiye kuphunzira kuti ndipume.

M'mawa ndinaphunzitsa a chaka choyamba kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko m'chipinda chotentha kwambiri, kenako ndinachonga mapepala a mayeso khumi ndi awiri mwa mulu umene uli pa tebulo langa. Masana onse ndinali nditawapatula kalekale, ndipo ndinalembera mkulu wa dipatimenti milungu iwiri yapitayo kumudziwitsa kuti ndikhala ndili kunja kokachita kafukufuku mpaka 4 koloko, nthawi ya msonkhano wa aphunzitsi.

Ndinakwera minibasi ya ku Mtendere, yomwe inadutsa mumsewu wa Alick Nkhata, pafupi ndi nyumba za wailesi ya ZNBC ndi misika ya ku Kalingalinga kumene amisiri amayala mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu. Nthawi zonse ndikamadutsa mumsewu umenewu mtima umandigunda, chifukwa mwini dzinalo ali m'kati mwa kafukufuku wanga. Ndikufufuza za mapulogalamu a Chinyanja a wailesi ya Central African Broadcasting Station, yomwe inkaulutsa mawu kuchokera kuno ku Lusaka kupita kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Kuulutsa mawu kuno kunayamba mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, koma anthu wamba analibe mawailesi kufikira pamene Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, ananyengerera kampani ya Ever Ready kuti ipange kawailesi kotchipa. Kanatuluka mu 1949, ndipo thupi lake linali sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wa buluu, yokhala ndi timawaya tosefa m'mabowo kuti tizilombo tisalowe. Inkagulitsidwa mapaundi 5, batire lake padera. Alick Nkhata, woimba amene anabadwa mu 1922, anali mmodzi mwa oulutsa mawu okondedwa kwambiri pa wailesiyi, ndipo anafa mu October 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu kufupi ndi munda wake ku Mkushi.

Zimene atsamunda ankaganiza za wailesiyi ndinaziwerenga kale m'mafaelo a ku National Archives of Zambia, kumene ndathera masiku ambiri a tchuthi changa. Chimene mafaelowo sanena bwino ndi chomwe chinkachitika m'nyumba wailesiyo ikatsegulidwa, kuti ndani ankakhala pafupi nayo, ndani ankaloledwa kuigwira, ndipo anthu ankakhulupirira chiyani pa mawu otulukamo. Amene angandiuze zimenezi ndi anthu omwe anali ana nthawi imeneyo, ndipo onse tsopano apitirira zaka makumi asanu ndi atatu. Pa mndandanda wanga wa anthu khumi ndi anayi, awiri anamwalira ndisanawafike.

Agogo amene ndinakawaona lero anabadwa mu 1940, ndipo bambo awo anachokera ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito ya umesenjala. Ndinawapeza atakhala pa mpando wamatabwa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, atavala jekete ngakhale kunkatentha chonchi, chifukwa anamva kuti kukubwera mlendo wa ku yunivesite. Mdzukulu wawo wamkazi ankakupiza moto pa mbaula chapafupi. Titapatsana moni, anandifunsa kwathu ndi mfunda wanga, ndipo nditatchula anaseka n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndinu mwana wanga, aphunzitsi, khalani momasuka." Chichewa chawo ndi cha kumudzi chenicheni, chosiyana ndi Chinyanja cha m'tauni chomwe mdzukuluyo amalankhula, ndipo kuchimva kokha kunandikumbutsa malemu agogo anga. Ndinawawerengera fomu ya chilolezo pang'onopang'ono, monga komiti yoona za khalidwe pa kafukufuku imafunira, ndipo anasaina ndi dzanja lonjenjemera koma zilembo zooneka bwino za sukulu ya mishoni.

Munthu wamkulu safunsidwa ngati wophunzira pa mayeso. Anayambira pa ulendo wa bambo awo, mitsinje imene anawoloka ndi mayina a midzi imene anagonamo, kenako anafika pa nyumba ya ku Chilenje kumene anakulira. Patadutsa pafupifupi ola lathunthu ndi pamene wailesi inalowa m'nkhani. Anati bambo awo anaigula atasunga ndalama miyezi yambiri, ndipo inkakhala pa kabati itavundikiridwa ndi kansalu koluka komwe mayi awo anasoka, batire lake lalikulu ngati njerwa lili pansi. Mwana aliyense woigwira ankakwapulidwa. Madzulo bambowo ankaitulutsa pakhonde, anansi n'kubwera ndi mipando yawo, amuna kutsogolo, amayi ndi ana pa mphasa, ndipo pa nthawi ya pulogalamu ya moni ndi nyimbo zopempha omvera aliyense ankakhala chete, kuyembekezera ngati angamve dzina la mudzi wa kwawo. Anandisonyeza ndi zala mmene bambo awo ankapotozera kabatani, mutu atapendeketsa, ndipo nkhope yawo pamenepo inali ya mnyamata wa zaka khumi.

Ndinawafunsa za chaka cha 1953, pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkayamba anthu akuda akuchikana, ndipo mphekesera zinafala mu Lusaka kuti oulutsa mawu a pa wailesi akugwirizana ndi banyama, omwe kwathu timati anamapopa. Agogo anakhala chete kanthawi, anayang'ana mdzukulu wawo, kenako anati, "Imeneyo ndiye nkhani ya bambo anga, ndipo sindinaiuzepo munthu." Nthawi yomweyo foni yanga inalira. Ndinali nditaiwala kuizimitsa. Anali mlembi wa ku dipatimenti, kundiuza kuti msonkhano wa 4 koloko ausunthira ku 2 koloko chifukwa jenereta azimitsa msanga pofuna kusunga dizilo, ndipo popeza akambirana zotsatira za kalasi langa, ndiyenera kupezekapo. Ndinapita kuseri kwa mpanda kukapempha kuti mnzanga andiimirire, koma anandiyankha kuti malamulo salola.

Sindikuimba mlandu mlembiyo, ngakhalenso mkulu wa dipatimenti, chifukwa dizilo ndi wodula ndipo zotsatira za ophunzira ndi udindo wanga umene ndinauvomera ndi siginecha. Komabe chimene chinandipweteka ndi chakuti ndinabwerera pansi pa mango paja, n'kugwada, n'kuwauza agogo a zaka 84, omwe anavalira ine jekete, kuti ndiyenera kupita. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Kodi sukulu yanuyi, mwana wanga, idzatha liti?" Ndinayankha kuti zatsala zaka ziwiri. Anagwedeza mutu n'kunena kuti zaka ziwiri n'zambiri. Nsima inali itatsala pang'ono kupsa, ndipo ndinachoka osadya, chomwe kwathu ndi chipongwe ngakhale utapepesa chotani.

Msonkhano unatenga maola awiri ndi theka, ndipo gawo la kalasi langa linatha m'mphindi khumi.

Ndikubwerera kunyumba ndinapeza uthenga wa pulofesa wondiyang'anira, mayi woleza mtima amene sitinaonanepo maso ndi maso kupatula kawiri. Akufuna mutu wachinayi pofika pa 30 November, ndipo akundikumbutsa kuti nkhani imene tinatumiza ku magazini ya akatswiri yabwerera ndi ndemanga zofunika kuyankha, pakuti yunivesite yathu siilola munthu kumaliza digiri asanatumize nkhani yotere. Iwo amandiuza kawirikawiri kuti ophunzira ogwira ntchito amagwa chifukwa chodikira mwezi wopanda zochita umene sufika, ndipo ndi bwino kulemba ola limodzi tsiku lililonse. Malangizowo ndi oona pa kulemba, ndipo ndawayesa, koma sathandiza pa kumvetsera. Ndime ndingathe kuilemba 3 koloko usiku, koma munthu wokalamba amatsegula mtima pa nthawi yake, ndipo nthawiyo ikafika umafunika kukhala ulipo ndi tsiku lako lonse.

Ndinaimbiranso mayi anga, popeza dzulo linali Tsiku la Anakubala kwathu ndipo netiweki inakana. Anathokoza chitenje chomwe ndinatumiza pa basi yodzera ku Mwami, ndipo anafunsa ngati ndibwere pa Khirisimasi. Ndinati ndiyesetsa, ngakhale mumtima ndikudziwa kuti tchuthi cha December ndinachilonjeza kale kwa mutu wachisanu. Mwana wanga wamkulu alemba mayeso a Sitandade 8 chaka chamawa, ndipo pamene ndinkalembetsa digiri imeneyi anali mu Sitandade 4.

Usiku uno ndinayatsa kandulo n'kuyamba kumvetsera zomwe ndinajambula, kuti ndizilembe mawu ndi mawu. Ola limodzi la zokambirana limanditengera maola asanu kapena asanu ndi limodzi kulilemba, makamaka pamene wolankhulayo akutchula mayina a malo akale. Nditafika pamene foni inalira, ndinazindikira kuti pothamangira kuseri kwa mpanda ndinasiya kachipangizo kaja kakujambulabe pa mpando. Kwa mphindi zisanu ndi ziwiri mukumveka mphepo, kukupiza kwa moto, ndi agogo akulankhula ndi mdzukulu wawo motsitsa mawu. Ndinamva chiyambi chokha, pamene akumuuza kuti aphunzitsiwa ali ndi changu ngati munthu wothawa mvula, ndiponso kuti bambo awo anaika wailesi ija m'thumba usiku wina n'kutuluka nayo. Pamenepo ndinaimitsa. Mawu amenewo sanali kuuza ine, ndipo fomu imene anasaina sikundipatsa ufulu womvetsera zokambirana za m'banja mwawo, ngakhale mtima ukufunitsitsa kudziwa kumene thumbalo linapita.

Ndalembera mdzukuluyo uthenga kumufotokozera zomwe zachitika, kupepesa, ndi kupempha kuti afunse agogo ngati ndifufute gawolo kapena tikalimvetsere pamodzi. Lachisanu pa 18 October ndi tchuthi cha mapemphero a dziko lino, ndipo pa 24 October Zambia ikwanitsa zaka 60 za ufulu wodzilamulira, choncho masiku awiriwo kulibe kalasi kapena msonkhano. Ndinali nditawasungira mutu wachinayi ndi mulu wa mapepala uja. Mdzukuluyo wayankha posachedwapa kuti agogo ati ndibwere Lachisanu m'mawa, akachoka ku tchalitchi, ndipo ndisadye kunyumba. Foni ndikaisiya m'kabati, ndipo mawa ndikagula shuga ndi masamba a tiyi pa kantemba ka pakona kuti ndisakafike chimanjamanja.