Kudenga kumatentha, kuphiri kumazizira

M'phunziro la zanyengo muli funso limene landigwira mtima kwambiri: ngati mpweya wotentha umakwera m'mwamba, n'chifukwa chiyani pamwamba pa phiri pamazizira? M'chipinda nkhaniyi siivuta. Mpweya ukatentha umapepuka, wozizira umalowa pansi pake n'kuukankhira kudenga, moti munthu wokwera pamakwerero kukasintha babu amamva kutentha kumene wokhala pansi sakukumva. Komatu phiri la Kilimanjaro, lotalika mamita 5,895, lili pafupi ndi ikweta, mzere wapakati pa dziko lapansi kumene nthawi zambiri kumatentha, chikhalirecho pansonga pake pali madzi oundana.

Chimene chanditsegula mutu n'chakuti dzuwa silitenthetsa kwenikweni mpweya. Kuwala kwake kumangodutsamo n'kukafika panthaka, ndipo nthakayo ndi imene imatenthetsa mpweya woyandikana nayo. Mpweyawu ukamakwera umafika kumene kulibe wina wambiri woupanikiza kuchokera pamwamba, choncho umatambasuka. Potambasukapo umawononga mphamvu yake yomwe, n'kuzizira. Ukakhala wouma, kutentha kwake kumatsika ndi madigiri pafupifupi 10 a Celsius pa mamita 1,000 aliwonse. Ukakhala ndi chinyontho chimene chikusanduka mitambo umazizira mochedwerapo, chifukwa nthunzi ikamasanduka timadontho ta madzi imatulutsa kutentha. Akatswiri akaphatikiza zonsezi amawerengera madigiri 6.5 pa mamita 1,000, mpaka kufika makilomita pafupifupi 11. Chapamwamba pake kutentha kumasiya kutsika, kenako kumayambanso kukwera, poti kumeneko kuli mpweya wotchedwa ozoni umene umamwa mbali ina ya kuwala kwa dzuwa.

Ndinawerengera masamu omwewa pa chipinda chotalika mamita 3. Mpweya wokwera kuchokera pansi kufika kudenga ungazizire ndi madigiri 0.03 okha, zosamveka n'komwe pakhungu. Ndiye kuti m'nyumba ndi panja lamulo ndi limodzi. Kungoti m'nyumba mtunda ndi waufupi, ndipo denga limatsekera mpweya wotenthawo kuti uunjikane pamenepo.

Gawo limene ndalikonda koposa ndi la usiku. Kukakhala kopanda mitambo ndi mphepo, nthaka imataya kutentha msanga n'kuziziritsa mpweya wapansi, wofunda n'kutsala pamwamba pake. Zinthu zimatembenuka, panja pamafanana ndi m'chipinda muja. Mpweya wozizirawo, poti ndi wolemera, umatsetsereka m'mapiri n'kukadzaza m'zigwa. N'chifukwa chake nkhungu ndi chisanu zimakonda m'chigwa pamene chamtunda mbewu zili bwinobwino. Utsi nawo umalephera kukwera, umangoyala pansi, anthu n'kumaupuma mpaka dzuwa litatenthetsanso nthaka. Ndikuona kuti mbali imeneyi ndi yofunika kuiphunzitsa mwakuya, chifukwa imakhudza mlimi posankha malo odzala mbewu zosapirira chisanu, komanso imakhudza mapapo a anthu a m'mizinda yomangidwa m'zigwa.

Zandithandizanso kumvetsa chifukwa chake oyeza nyengo amaika chipangizo choyezera kutentha pamthunzi, pakati pa mamita 1.25 ndi 2 kuchokera panthaka. Atachiika pansi penipeni, masana chingaonetse kutentha kopitirira ndipo usiku kuzizira kopitirira, ndiye ziwerengero za malo osiyanasiyana sizingayerekezeke.