Sisitere ankayamba waona kuseri kwa nsalu

Amene anadutsa m'manja mwa masisitere m'mishoni za kuno ku Dedza ndi Ntcheu, kaya ku Bembeke, ku Mua kapena ku Nzama, amakumbukira katekisimu, korona ndi kuyendera zikhadabo pa mzere mphepo ya June ikuluma. Koma chimene chinatsalira m'zala za atsikana ambiri ndi kusoka.

Mwana sankayambira pa diresi ayi. Ankapatsidwa kansalu ngati kampango, singano ndi ulusi wotalika kuchokera kuchala mpaka pachigongono. Ukapitirira pamenepo ulusi umapotana n'kumanga mfundo, kenaka umaduka pakati pa msoko.

Kupinda m'mphepete kunali ndi dongosolo lake. Upinde koyamba pang'ono, ngati theka la sentimita, kuti ulusi wosomphoka ubisike; upindenso kachiwiri masentimita awiri, n'kukanikiza ndi chikhadabo kuti mzere ugone. Kenaka ugwirizire ndi misoko ikuluikulu ya ulusi wa mtundu wina, woti udzasololedwe pomaliza. Ana opupuluma ankalumpha pamenepa, mpindiro n'kutuluka wokhotakhota. Msoko weniweni unali waung'ono, wopendekeka, singano ikungotola ulusi umodzi kapena uwiri wa nsalu kuti kumaso kusaoneke kanthu. Ukakoka kwambiri nsalu imachita makwinya, ukalekerera imasomphoka pa kuchapa koyamba.

Ukamaliza unkapita kutebulo ndi manja awiri, utanyonyomala. Sisitere sankataya nthawi ndi kumaso kwa nsalu. Ankatembenuza nsalu kuti aone mfundo ndi ulusi wolendewera. "Mwanawe, kamasule uyambenso." Misozi inkagwa ndithu, ndipo masisitere ena ankaonjeza ukali, tisabise. Komabe pa nkhani ya kuseri kwa nsalu ankanena zoona, chifukwa chovala chimayambira kumeneko kutha.

Chigamba ndiye luso limene likusowa masiku ano a kaunjika. Chidulidwe chachikulu kuposa chiboo ndi zala ziwiri mbali zonse, kuti chigwire pa nsalu yomwe idakali yolimba. Ngati n'chatsopano chichapidwe kaye, apo ayi chimakhwinyata n'kung'amba yunifolomu m'mbali. Ulusi wa chigamba uyende mbali imodzi ndi ulusi wa chovala. Usoke kuzungulira kunja, utembenuze, udule m'mphepete mwa chiboo kuti mukhale ngodya zinayi, upindire m'kati n'kusokanso.

Batani nalo lili ndi kachinsinsi. Umaika kamtengo ka machesi pamwamba pake posoka, ukamaliza n'kukachotsa, ndipo ulusi wotsala umauzunguliza kunsi kwa batani kanayi kapena kasanu. Batani lopanda khosi limeneli limafinya nsalu ndipo silichedwa kuthothoka, makamaka pa malaya a anyamata amene amavula mothamangira mpira.