Agogo anati ndigone konko

Loweruka ndinakwera kabaza kukaona agogo cha ku Bembeke uko. Ndinanyamula shuga, sopo, ufa pang'ono ndi bulangeti poti mukudziwa kale mmene June amachitira kuno ku Dedza, chisanu cholowa mpaka m'mafupa. Ndinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa okhaokha. Katunduyo analandira ndi manja awiri inde, koma mawu oyamba anali akuti, "Iwe, ugona konkuno eti? Masiku anayi tsopano ndikungoyankhula ndi nkhuku."

Aaa guys, zinandibaya mumtima. Ife tikatumiza ka Airtel Money timaona ngati tathana nazo, chonsecho munthu akudya nsima yekha, anzake amsinkhu wake ambiri anatsogola, ana ali ku Lilongwe ena ku Joni, adzukulu nawo tili bize ndi mageni athu.

Msuweni wanga amagwira ntchito ku England m'nyumba yosungira okalamba ya khonsolo. Amandiuza pa WhatsApp kuti kumeneko akawasambitsa ndi kuwapatsa mankhwala, pamakhala pulogalamu ya tsikulo, mafizo atakhala pampando, kuimba nyimbo zakale, bingo, kuluka, mpaka wometa tsitsi amabwera. Ine sindikunena kuti tikatule agogo athu kunyumba zotere ayi, agogo angawo sangalole kusiya munda wawo wa kachewere ndi manda a amuna awo, olo mutawanyengerera bwanji. Koma mfundo yoti kucheza nakonso ndi chisamaliro, imeneyo ndiye tiitole.

Bwanji khonsolo itamapeza malo kwa gulupu aliyense, olo holo ya tchalitchi kapena pa sukulu ya mkombaphala (CBCC) ana akaweruka, okalamba azikumana kawiri pa sabata? Phala la likuni likhalepo, azigogo aamuna pa bawo, aakazi akusenda nawo nyemba uku akukamba za kale, a zaumoyo abwere ndi kamakina koyezera BP, amene maso ayamba kuchita nkhungu alembedwe mayina apite kuchipatala. Madzulo aliyense azibwerera kwake. Komanso pagulu potero mpomwe mungadziwe kuti uje sanabwere lero, tiyeni tikamuone.

Malamulo ndiye alipo kale. Ndondomeko ya anthu achikulire inatuluka mu 2016, lamulo loteteza okalamba aphungu analivomereza mu 2024. Mtukula Pakhomo uja anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo akuthandiza ndithu, kungoti safika khomo lililonse, agogo angawo dzina lawo mulibe.

China chomwe chimandiopsa n'chakuti gogo wokhala yekha ndi amene amayamba kulozedwa chala. Mwana akangodwala m'mudzi basi, "ndi agogo aja". Mukukumbuka ku Neno mu 2016, okalamba anayi anaphedwa chifukwa mphenzi inapha mtsikana. Chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo a MANEPO, bungwe lomenyera ufulu wa okalamba, akhala akufuula za nkhanzazi mpaka mawu kusasa. Gogo amene mudzi wonse umamuona akuseka ndi anzake Lachiwiri lililonse n'kovuta kumunamizira zotere.

Ndinagona konko. Tinawotcha mbatata pamoto, anandifotokozera za njala ya 1949 mpaka nkhuni zinatha, nkhani yomwe ndaimva kambirimbiri koma ulendo uno foni ndinaithimitsa. Mmawa ndisananyamuke ndinadzera kwa amfumu kukawafunsa za holo ija, ati ndibwerenso Loweruka nduna zawo zilipo.