Maganizo anga pa ndale: kumanzere kapena kumanja?

M'maphunziro a za ndale omwe ndikuchita madzulo kuno ku Blantyre, mutu womwe wandidyera nthawi yambiri ndi woika maganizo a anthu pa mzere umodzi, ena kumanzere, ena kumanja. Kagawidwe kameneka kanayambira ku France m'chaka cha 1789, pomwe aphungu ofuna kuti mfumu isunge mphamvu zake ankakhala kudzanja lamanja la wotsogolera zokambirana, pamene ofuna kusintha zinthu ankakhala kumanzere. Masiku ano a kumanzere amadziwika ndi kufuna kuti boma lizilowerera pa chuma pofuna kuteteza osauka, ndipo a kumanja amakonda misonkho yotsika, malonda opanda ziletso zambiri komanso kusunga miyambo.

Zipani zathu sizikhazikika pa mzerewu. Pa chisankho cha 1994, chomwe chinatsatira riferendamu ya pa 14 June 1993 yomwe Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri, mavoti anayenda motsata zigawo: Chakufwa Chihana anatenga kumpoto, Kamuzu Banda pakati, Bakili Muluzi kummwera kuno. Boma la a Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, zomwe mabuku angati n'zakumanzere, koma boma lomwelo linagulitsa makampani aboma motsatira malangizo a IMF ndi World Bank, zomwe n'zakumanja. Feteleza wotsika mtengo naye sasankha chipani, chifukwa Bingu wa Mutharika anakhazikitsa makuponi mu 2005, ndipo Lazarus Chakwera anabwera ndi ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo yotchedwa AIP mu 2020. Sindikuona wandale amene angaime pa bwalo la misonkhano la Njamba n'kulengeza kuti adzathetsa thandizoli.

Nanenso ndinapezeka kuti ndaima mbali zonse ziwiri. Pa nkhani ya chimanga ndili kumanzere mosakayika, pakuti ndimafuna kuti misika ya ADMARC, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, izikhala ndi chimanga m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomwe nkhokwe zimakhala zitauma ndipo mavenda amakweza mtengo mmene afunira. Koma ndikaganizira mayi wogulitsa kaunjika mu Limbe, amene phindu lake limathera ku ziphaso ndi misonkho asanagule n'komwe belo lina, ndimalakalaka boma litachepetsako dzanja lake pa malonda ang'onoang'ono. Pa za ulemu wa mafumu ndi mwambo wa maliro, anzanga a m'kalasi amanditcha wachikale, ndipo sindikana.

Pomwe ndavutika kwambiri ndi pa feteleza yemweyu. Mtima umandiuza kuti mlimi wa ku Chiradzulu sangakolole popanda thumba lotsika mtengo, koma ndikawerenga za bajeti ndimaona kuti thandizoli limadya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi, motero ulimi wothirira ndi ntchito za alangizi zimatsalira. Chimodzimodzinso pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023: mfundo ya akatswiri a zachuma oikira kumbuyo kutsitsako ndinaimva bwino, komabe mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira pamsika wa Ndirande unandilepheretsa kuwomba m'manja.

Aphunzitsi atipatsa ntchito yoti tiyerekeze mfundo zomwe zipani zitatu zimalonjeza pokopa anthu. Ine ndasankha kusiya mzere uja, ndipo pa lonjezo lililonse ndikulemba yemwe adzapindule, yemwe adzalipire, ndi ngati chipanicho chanena komwe ndalamazo zidzachokere. Ndayambira pa malonjezo a feteleza, kenako ndipita ku a sukulu za sekondale.