Shedi yakuseri kwa nyumba yasanduka khola la nkhuku, koma waya anandiwawitsa mutu

Ntchito yatha, nkhuku zalowa, mtima wakhala pansi. Shedi yake ndi ya njerwa zowotcha, yofolera malata, mamita 3 mulitali ndi mamita 2 mulifupi, ija timasungiramo makasu, wilibala ndi matumba a feteleza. Malo otere ndi masikweya mita 6, ndipo nkhuku zoikira mazira zimayenera kukhala 3 kapena 4 pa sikweya mita iliyonse. Ine ndaikamo 20. Amene akukulimbikitsani kuti 40 zikwanamo sadzakhalapo tsiku limene zidzayambe kujomphana kumbuyo mpaka kutuluka magazi.

Shedi anaimanga kuti ikhale yotseka, pomwe khola limafuna mpweya wodutsa usana ndi usiku. Nkhuku situluka thukuta. Mwezi wa Okutobala malata akatentha imangoyasama kukamwa, mapiko atagwa, kudya kumachepa, mazira amachepanso ndipo zikamba zake zimapyapyala. Kuwonjezera apo zitosi zimatulutsa amoniya, mpweya uja umayabwa m'maso mukalowa m'khola lotsekeka, ndipo ndi umene umayambitsa chifuwa. Choncho gumulani makoma awiri oyang'anana, musiye masentimita 50 kapena 60 kuchokera pansi, pamwamba ponse pakhale waya. Musakhudze njerwa za m'makona ndi mtanda umene wanyamula denga. Mmisiri adzakuuzani kuti kazenera kamodzi kakwana, poopa ntchito yogumula. Musamumvere. Ngati shedi ikulola, tsegulani mbali za kumpoto ndi kum'mwera kuti dzuwa lam'mawa ndi lamadzulo lisamalowe mwachindunji, ndipo muwonjeze malata atuluke kunja masentimita 60 kuti mvula yamphepo isanyowetse mkati. Juni ndi Julayi mwera ukayamba kuwomba, ingopachikani masaka osokerera kumbali yochokera mphepoyo, m'mwamba musiye mpata.

Tsopano waya. Apa ndi pamene panandikwiyitsa, ndipo mkwiyowo sunathebe. Mukangotchula mawu oti khola m'sitolo za zipangizo zomangira, amakutulutsirani waya wa nkhuku wopyapyala uja wa mabowo aakulu, masentimita 2.5 kapena 5, n'kukuuzani molimba mtima kuti aliyense amagula yemweyo. Waya ameneyo amaletsa nkhuku kutuluka, basi. Khoswe amadutsa osawerama, njoka imadutsa, timba ndi mpheta zimalowa kudzadya chakudya n'kusiya matenda ndi tizilombo, ndipo galu akamukanda mwamphamvu amang'ambika. Wofunika ndi waya wowotcherera, wa mabowo a theka la inchi, masentimita 1.3, wokutidwa kuti asachite dzimbiri. Tsiku lathunthu linathera kuzungulira m'tauni kufuna yekhayo. Pena akuti watha, pena akuti akubwera mawa, pena akukutumiza kusitolo ina komwe ukafika wogulitsa akukutambasulira wa mabowo aakulu yemwe uja, akuumirira kuti ndi theka la inchi ngati iwe ulibe maso. Ndalama ya minibasi inapita, mmisiri anakhala tsiku lonse akudikira, ndipo tsikulo analiwerengera pa malipiro ake. Nyamulani tepi yoyezera, muyeze bowo nokha musanalipire. Ngati mwaiwala tepi, lowetsani chala chachikulu: chikadutsa, kakhoswe kadutsanso. Waya wowotchererayu ndi wokwera mtengo kuposa winayo, inde, koma makoswe akazolowera khola amadya chakudya chimene mwagula ndi ndalama zambiri usiku uliwonse, amaba mazira, amapha anapiye.

Pokhoma wayayo musadalire misomali yopinda yokha. Mpanikizeni pakati pa thabwa la felemu ndi kathabwa kena kopyapyala pamwamba pake, misomali italikirane masentimita 15.

Izi zimayenera kubwera koyambirira: chotsani chilichonse chimene chinali m'shedimo, osati kungosesa. Timibulu ta feteleza wa urea totsalira m'ming'alu nkhuku imatola ngati mapira, ndipo timibuluto tingathe kuipha. Chimodzimodzi mankhwala a makoswe amene munaponya m'makona chaka chatha, mankhwala ophera anankafumbwe, zitini za penti ndi oyilo wotayikira pansi. Palani, tsukani ndi sopo, siyani ziume, kenako pakani laimu makoma onse mkati. Ming'alu ya m'khoma muimate kaye, chifukwa ndi momwe utitiri umabisala masana n'kumatuluka usiku kukayamwa nkhuku magazi.

Pansi pakhale pa simenti. Dothi silitsukika, makoswe amakumba n'kutulukira mkati, linthumbu nalo limapeza njira. Ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga, 4 za miyala yophwanya, kukhuthala masentimita 5. Pa shedi ya kukula kotere matumba 2 a makilogalamu 50 akwana. Papendekeke pang'ono kulozera kukhomo kuti madzi otsukira azituluka, ndipo muzithirira kwa sabata kuti pasang'aluke. Pakauma yalani utuchi wa pulena kapena mankhusu a mpunga, masentimita 10. Utuchi wosalala ngati ufa uja wa macheka musatenge, fumbi lake limalowa m'mphuno. Muzitembenuza ndi fosholo, ponyowa pafupi ndi chomwera muzichotsapo msanga, chifukwa chinyezi ndicho chimabweretsa matenda otsegula m'mimba a magazi.

Mitengo yogonapo ikhale yokhuthala masentimita 4 kapena 5, yosalazidwa m'mbali, masentimita 60 kuchokera pansi, nkhuku iliyonse ipeze masentimita 25. Pa nkhuku 20 ndiye mamita 5 onse pamodzi, mitengo iwiri yofanana msinkhu kuti zisamalimbirane wapamwamba. Musaikhomere kukhoma, ikhale yozula kuti muzitha kuitulutsa padzuwa. Zisa zikhale masentimita 30 mbali zonse, chimodzi pa nkhuku 4 kapena 5, kukhoma lamdima limene simunagumule, ndiponso zotsikirapo kuposa mitengo yogonapo. Zikakhala pamwamba nkhuku zimagonamo, m'mawa mazira onse ali zitosi zokhazokha. Zodyera ndi zomwera zipachikeni ndi waya kumtanda zifike pamsana pa nkhuku. Imodzi imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndiye pa nkhuku 20 thumba la makilogalamu 50 limatha m'masabata atatu. Pakona ikani beseni la phulusa losakaniza mchenga kuti zizisambamo.

Ndibwererenso kwa waya uja. Yang'anani pamwamba pa khoma pamene malata akhalira: mizere ya malata imasiya timipata, ndipo makoswe amakwera njerwa mosavuta. Matani ndi simenti kapena tsekani ndi waya yemweyo wa theka la inchi, osati zidutswa za wa mabowo aakulu zimene mmisiri angatole kwina. Pansi pa chitseko pasatsale mpata woposa sentimita imodzi. Khomanipo chidutswa cha lata. Chitsekocho chizitsegukira kunja kuti chisamakankhe utuchi, ndipo pakhale loko wolimba, mahinjesi ake omangidwa ndi mabauti, popeza wakuba amangomasula zomangira wamba n'kuchotsa chitseko chonse loko ali chitsekere.

Nkhuku musanazilowetse funsani wogulitsa tsiku limene zinalandira katemera wa chitopa. Kaya ndi za Mikolongwe kaya zachizungu zoikira mazira, chitopa sichisankha, ndipo chimavuta kwambiri nyengo yotentha. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, kubwereza miyezi inayi iliyonse. Alangizi a ziweto a m'dera lanu amadziwa komwe akupezeka. Ponyamula m'kulungeni m'kansalu konyowa, asakhale padzuwa. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi achibale ikhale payokha masabata awiri isanalowe m'kholamo, ndipo nsapato zolowera mkati zikhale zakezake, zizisiyidwa pakhomo pomwepo.