Matayala asanu mu envulopu

Eya, ndi zoona, matayala aja anabwera mu envulopu. Koma zoti ndinalira, zimene akufalitsa alamu anga, ndi bodza. Linali fumbi chabe.

Mundimvetse kaye. Galimoto yanga ya Willys MB, jipi ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, imavala matayala a saizi 6.00-16: mainchesi 6 m'lifupi, rimu ya mainchesi 16, mano aja amati NDT, oti tayala ulimange moyang'ana kulikonse limagwira chimodzimodzi. Ukatchula saizi imeneyi, wogulitsa amayamba wakuyang'ana nkhope, kenako nsapato. Wina anandigubuduzira 6.00-16 yeniyeni, koma ya kutsogolo kwa thirakitala, ya mizere itatu. Wina anali ndi NDT ndithu, koma nambala yosonyeza nthawi imene linapangidwa inali ya manambala atatu okha, kutanthauza kuti chaka cha 2000 chinalipeza lili kale padziko. Nditalidina ndi chala, m'mbali monse munatseguka ngati zikang'a.

Ndiye usiku wina pa intaneti ndinangoona: Willys MB, 6.00-16 NDT, asanu ndi sipeya yomwe. Mtengo wake unali wotsika moti ndinamumvera chisoni mwiniwakeyo, ndati munthuyu sakudziwa chimene ali nacho. Chisonicho chisanathe ndinali nditalipira kale, kuopa angadzidzimuke. Pakona pa chithunzi cha tayalalo panalembedwa 1/35. Ine ndinamva kuti pa maseti 35 yatsala imodzi. Inuyo 2 koloko usiku, maso akulemera, mukanamva chiyani?

Masabata odikira sindinakhale chabe. Galimoto ndinaikweza pa jeke, ndinaphwetsa matayala akale, ndinamasula mabawuti a marimu aja ogawika pawiri, kupala dzimbiri, kupenta. Machubu asanu ndinagula. Tsiku lokatenga katundu ndinabwereka pikapu ya alamu, zingwe, ndi anyamata awiri onyamula.

Mayi wa pa kauntala atalowa kuseri, ndinakuwa mwaulemu: "Mayi, musadzipweteke, anyamata alipo!" Anatuluka atapana envulopu ndi zala ziwiri.

Ndinaitsegulira pomwepo. Timatayala tisanu tinagubuduzika pa kauntala, kalikonse ngati batani la jekete, masentimita awiri basi. Kamodzi kanazungulirazungulira, sikafuna kugwa, tonse asanu tikungokayang'ana mpaka kanagona. Ndipo kunena chilungamo, tinali tokongola. Mano a NDT onse ali m'malo mwake. Pansi anatiphwathalitsa pang'ono dala, kuti tizioneka ngati tasenza galimoto. Zimene ndakhala ndikusaka chaka chathunthu zinali patsogolo panga, kungoti anazichepetsa ka 35, za anthu omanga tizidole ta magalimoto. Mnyamata mmodzi anafunsa ngati tinyamule awiriawiri. Mayi uja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Alamu sanaseke, ndipo ndi zimene zinandipweteka. Anatola timatayala, kutibwezera mu envulopu, kuinyamula ndi manja awiri mpaka ku pikapu. Anaigoneka pakati penipeni kumbuyo, kudutsitsa chingwe uku ndi uko, kumanga mfundo, kukoka kuti aone ngati yalimba. Kenako: "Alamu, nsalu yofiira tiikepo? Katunduyu watulukira kunja." Njira yonse anayendetsa pang'onopang'ono, pokhota paliponse n'kumasuzumira pa galasi.

Ndabwererakonso pa chithunzi chija kangapo. Palibe dzanja, palibe ndalama yachitsulo, palibe chilichonse pambali choyerekezera kukula kwake. Tayala lili lokhalokha pamalo oyera. Ndinaonetsa makaniko wanga, iyenso anayamba wati "abwinotu awa" asanaone nambala ya pakona ija, ngakhale lero akukana.

Galimoto ikadali pa jeke. Wa matayala a thirakitala uja ndinamuimbira, akuti anagulitsa. Timatayala tili m'bokosi la machesi, koma tatsala tinayi. Ndikukayikira mphaka.